Kodi ndisinthitse mfundo zonse ziwiri za m'chiuno tsiku limodzi?

Funso: Ndine mayi wa zaka 59. Mfundo zanga zonse ziwiri za m'chiuno zinatha ndi nyamakazi, ndipo adokotala akuti zonse zikufunika kuchotsedwa n'kuikamo zochita kupanga. Andiuza kuti ndisankhe: kupanga zonse tsiku limodzi, kapena kuyamba ndi kumanja kumene kukupweteka kwambiri n'kudzabwereranso pakapita miyezi. Ndimamwa mankhwala a BP, ndipo chaka chatha anandiuza kuti magazi anga ndi ochepa pang'ono. Ineyo ndikufuna kuthana nazo kamodzi, koma ana anga akuchita mantha. Ndichite chiyani?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi ululu umene mukukhala nawo. Munthu amene mfundo zake zonse ziwiri zatha alibe mbali yopumira. Akagonera kumanja kukuwawa, akatembenukira kumanzere nakonso kukuwawa, ndipo ngakhale kuvala nsapato kumasanduka ntchito. Chikhumbo chanu chofuna kuthana nazo kamodzi ndikuchimvetsa, ndipo mantha a ana anu nawonso ali ndi maziko.

Njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka, ndipo zimachitika m'zipatala zambiri padziko lapansi. Koma mfundo zanuzo zangotiuza kuti pakufunika maopaleshoni awiri. Zoti achitike tsiku limodzi kapena masiku osiyana, amene angatiuze ndi mtima wanu, mapapo anu, impso zanu, magazi anu, komanso anthu amene adzakhale nanu mukadzatuluka m'chipatala. M'funso lanu, mawu amene andiimitsa kwambiri ndi aja oti magazi anu anapezeka ochepa, ndipo ndikhalitsa pamenepo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'chipinda cha opaleshoni. Mfundo ya m'chiuno ndi pamene mutu wobulungira wa fupa la ntchafu umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno. Nyamakazi ikadya kachikuto koterera kamene kamakuta malo amenewa, fupa limayamba kukhuzana ndi fupa linzake. Dokotala amadula mutu wakuthawo, amapala kabowo kaja n'kuikamo kachikho kopanga, kenako amaboola m'kati mwa fupa la ntchafu n'kulowetsamo chitsulo chimene pamwamba pake pamakhala mutu watsopano wachitsulo kapena wa seramiki. Mbali imodzi imatenga ola limodzi kapena awiri. Opaleshoni imeneyi, mmene tikuidziwira lero, inakhazikitsidwa ndi John Charnley pa chipatala cha Wrightington ku England chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika 1971 iyeyo ndi dokotala mnzake anali atalemba kale za odwala amene anawapanga mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Choncho musaganize kuti adokotala anu akufuna kuyesera pa inu chinthu chachilendo.

Ubwino wopanga zonse tsiku limodzi ndi weniweni. Mumagonetsedwa kamodzi, mumagonekedwa m'chipatala kamodzi, ndipo masiku onse a m'chipatala amakhala ochepa kusiyana ndi mukaphatikiza maulendo awiri. Mafizo mumapanga kamodzi, ntchito mumaisiya kamodzi, ndipo achibale amasiya zochita zawo kamodzi. Pa ndalamanso nthawi zambiri kamodzi kamapepukirako.

Palinso ubwino wina umene anthu sauganizira. Mfundo ikatha kwa zaka zambiri, mwendo umafupika pang'ono chifukwa fupa ladyeka, ndipo nthawi zina mfundoyo imauma itapindika, moti munthu sangathe kuima chowongoka. Tikakonza mbali imodzi yokha, mwendo umenewo umabwerera kutalika kwake pamene winawo udakali waufupi, ndipo kwa miyezi yodikirayo munthu amayenda chopendekeka, mpaka ena amafunika kuwonjezera kachidutswa m'nsapato. Ngati mbali yosakonzedwayo inauma chopindika, imakokanso thupi lonse kuti liweramire kutsogolo, ndipo mfundo yatsopano ija imalephera kuwongoka bwino ngakhale munthu alimbikire mafizo. Kwa odwala oterewa, makamaka amene ali ndi matenda oumitsa msana ndi chiuno, kukonza mbali zonse pamodzi kumathandizadi kwambiri. Afunseni adokotala anu ngati mfundo zanu zafika pamenepo, chifukwa ngati zafika, ndiye kuti chifukwa chopangira kamodzi chalemera.

Tsopano mtengo wake, umene thupi limalipira. Fupa ndi chiwalo chamagazi ambiri, ndipo likadulidwa limapitiriza kutaya magazi pang'onopang'ono ngakhale bala litasokedwa. Mbali ziwiri ndiye kuti mabala awiri, mafupa awiri obooledwa, ndiponso nthawi yotalikirapo pabedi la opaleshoni. N'chifukwa chake anthu opangidwa mbali zonse tsiku limodzi amaikidwa magazi kawirikawiri kusiyana ndi opangidwa mbali imodzi imodzi. Pa zonse zimene akatswiri afufuza pa nkhaniyi, apa ndi pamene ambiri amagwirizana.

Ndiye inu mwanena kuti magazi anu anapezeka ochepa. Bungwe la World Health Organization limati mayi amene si woyembekezera ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi ngati hemoglobin yake, chinthu cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya, ili pansi pa magalamu 12 pa desilita ya magazi, ndipo kwa bambo ndi pansi pa 13. Madokotala ambiri ogonetsa amafuna kuti aliyense wopita ku opaleshoni yotaya magazi ambiri, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, akhale pa 13 kapena kuposa. Munthu akalowa ali pa 11 n'kupangidwa mbali ziwiri, atha kudzuka ali pansi kwambiri moti mtima umathamanga, chizungulire chimamugwira akangoyesa kuima, ndipo mafizo amachedwa kuyamba. Kuikidwa magazi kumapulumutsa moyo, koma nako kuli ndi zovuta zake, ndipo ngati tingathe kukupewa pokonzekera bwino, timakupewa.

Chofunika kwambiri n'kudziwa chimene chikuchepetsa magaziwo. Pa msinkhu wa zaka 59 amayi ambiri anasiya kale kusamba, choncho magazi akamachepa tiyenera kufunsa kuti akupita kuti. Anthu a nyamakazi ambiri amamwa mankhwala opha ululu monga ibuprofen kapena diclofenac kwa zaka, ndipo mankhwala amenewa atha kuyambitsa zilonda za m'mimba zimene zimatulutsa magazi mwakachetechete, munthu osadziwa. Athanso kufooketsa impso ndi kukweza BP. Kuchepa kwa magazi kumathanso kukhala chizindikiro cha vuto lina la m'matumbo loyenera kufufuzidwa palokha. Ndikukupemphani, musavomere tsiku la opaleshoni, kaya ya mbali imodzi kaya ya ziwiri, magazi anu asanayezedwenso ndi chifukwa chake chisanapezeke. Ngati vuto ndi kuchepa kwa ayironi, mapiritsi amafuna masabata angapo kuti akweze magazi, ndipo pali ayironi wodzera mu diripi amene amagwira ntchito mwachangu. Pa tsiku la opaleshoni palinso mankhwala otchedwa tranexamic acid amene amachepetsa kutaya magazi, ndipo zipatala zina zili ndi makina amene amatolera magazi a wodwala, kuwatsuka, n'kumubwezera. Funsani ngati zimenezi zilipo kumene mukapangidwire.

Chachiwiri ndi mtima ndi mapapo. Pamene dokotala akulowetsa chitsulo m'fupa la ntchafu, timafuta ta m'kati mwa fupa timakankhidwira m'mitsempha n'kukafika kumapapo. Munthu wa mtima ndi mapapo abwino amapirira zimenezi osadziwa n'komwe. Zikachitika kawiri m'maola ochepa kwa munthu amene mtima wake ndi wofooka, BP imatha kutsika mwadzidzidzi ndipo mpweya m'magazi umachepa. Pambuyo pa opaleshoni palinso ngozi yoti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kachidutswa kakathothoka kamakatseka mitsempha ya m'mapapo. Pofuna kupewa zimenezi timapereka mankhwala oletsa magazi kuundana kwa masabata anayi kapena asanu, ndipo timamudzutsa wodwala kuti ayambe kuyenda tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Madokotala ogonetsa ali ndi muyezo wotchedwa ASA umene amaonera mphamvu za thupi la wodwala. Gulu loyamba ndi munthu wathanzi, lachiwiri ndi amene ali ndi matenda osadetsa nkhawa kapena ogonja ku mankhwala, ndipo kuyambira lachitatu ndi amene matenda awo ndi aakulu. Opaleshoni ya mbali zonse tsiku limodzi nthawi zambiri imaperekedwa kwa a gulu loyamba ndi lachiwiri, ndipo madokotala ambiri amazengereza munthu akapitirira zaka 70 kapena 75. Amene anadwalapo mtima, amene anachitapo sitiroko, amene magazi anawaundanapo kale, amene impso zawo zikufooka, amene shuga wawo sakutsika, ndiponso onenepa kwambiri, ndi bwino apangidwe mbali imodzi imodzi. Odwala matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell, amene mfundo zawo zimatha kufa mbali zonse akadali achinyamata, amafunika dongosolo lawolawo lokonzedwa pamodzi ndi akatswiri a magazi. BP yanu, ngati ikumvera mankhwala ndipo sinawononge mtima kapena impso, payokha siikuletsani. Koma zimenezo timazidziwa tikayeza mtima ndi impso, osati pongoona kuti munthu akuoneka wathanzi.

Mukamawerenga kapena kumva zoti kafukufuku wapeza kuti njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni pa zovuta zikuluzikulu, kumbukirani mmene odwalawo anasankhidwira. Amene anapangidwa mbali zonse tsiku limodzi ambiri mwa iwo anali ocheperako zaka ndiponso athanzi, chifukwa madokotala anawasankha dala. Zotsatira zawo zabwino zikutiuza kuti njirayi ndi yabwino kwa anthu osankhidwa bwino. Sizikutiuza kuti ndi yabwino kwa aliyense. Komanso kwa ana anu ndinene kuti kugawa opaleshoni pawiri sikuchotsa ngozi. Ulendo uliwonse uli ndi kugonetsedwa kwake, mwayi wake woti bala lilowe tizilombo, ndiponso masabata ake amene magazi angaundane. Kugawa kumangopatsa thupi mpata wopuma pakati pa katundu woyamba ndi wachiwiri.

Masabata awiri oyambirira pambuyo pa opaleshoni ya mbali zonse ndi ovuta, ndipo sindikufuna kukubisirani. Munthu wopangidwa mbali imodzi amatsamira mwendo winawo podzuka pabedi, pokhala pachimbudzi ndi pokwera masitepe. Inu simudzakhala ndi mwendo wotsamira. Ntchito yambiri idzagwera m'manja ndi m'mapewa, pa ndodo zoyendera kapena pa chogwirira chamiyendo inayi chija. Ngati nyamakazi inakugwiraninso m'manja kapena m'mapewa, nkhaniyi ndi yaikulu. Mudzagona chagada kwa masabata angapo popeza mbali zonse zidzakhala ndi mabala. Mudzafunika mpando wautali wokhala ndi pogwira, chimbudzi chokhala chokwezedwa, ndiponso munthu wamphamvu wokhala nanu usana ndi usiku masiku oyambirira, wokuthandizani kusamba, kuvala, ndi kukweza miyendo pabedi. Komabe, ena amene mfundo zawo zonse zinatheratu amati mwendo wabwino analibe kale, ndipo amaona kuti kuyenda ndi mfundo ziwiri zatsopano n'kosavuta kusiyana ndi kukoka imodzi yakutha. Pakatha masabata asanu ndi limodzi ambiri amakhala atayamba kudzidalira, ndipo pakatha miyezi itatu amakhala atabwerera ku zochita zawo zambiri.

Njira yoyamba ndi mbali imodzi ilinso ndi mphatso zake. Mumaona mmene thupi lanu lalandirira mankhwala ogonetsa, mumadziwa mmene ululu wake umakhalira, ndipo ulendo wachiwiri mumapita mukudziwa zimene zikukudikirani. Dokotala nayenso amaphunzira za fupa lanu. Chinanso n'chakuti anthu ena, mbali yopweteka kwambiri ikakonzedwa, amayamba kuyenda bwino moti ululu wa mbali inayo umachepa, ndipo amatha zaka asanafune opaleshoni yachiwiri. Ena ululuwo umangokula, chifukwa mwendo wosakonzedwawo ndi umene ukusenza thupi pamene unzake ukuchira. Nthawi yodikira pakati pa maopaleshoni awiriwa imasiyana, koma ambiri sabwereza pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ndipo ochuluka amakonda kudikira miyezi itatu kuti magazi abwerere ndi minofu ilimbe.

Apa pakubwera funso limene muyenera kudziyankha nokha moona mtima: kodi mbali ya kumanzereyo ikukuvutitsani bwanji? Mwanena kuti kumanja ndi kumene kukupweteka kwambiri. Ngati kumanzere nako kukukulepheretsani kugona, kuyenda ndi kudzisamalira, ndiye kuti mbali zonse zakonzeka. Ngati kumanzere kukuoneka koipa pa X-ray koma ululu wake ndi wopiririka, musathamangire. Sitichita opaleshoni chifukwa cha chithunzi. Ululu wa mfundo ya m'chiuno umamveka kwambiri m'mphechepeche, n'kutsikira kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo. Ululu wa kumatako wotsikira kumbuyo kwa mwendo mpaka kuphazi, makamaka wokhala ndi dzanzi, nthawi zambiri umachokera kumsana, ndipo mfundo yatsopano singauchotse. Pakakhala chikayiko, dokotala atha kubaya mankhwala ochititsa dzanzi m'kati mwa mfundoyo. Ululu ukatha kwa maola angapo, timadziwa kuti gwero lake ndi pamenepo.

Chifukwa china chosathamangira n'chakuti mfundo zopanga zimatha. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti mwa mfundo 100 zilizonse zoikidwa m'chiuno, pafupifupi 58 zimakhala zikugwirabe ntchito pakatha zaka 25. Zimenezi n'zolimbikitsa, ndipo zipangizo za masiku ano zikuyembekezeka kukhalitsa kuposa zakale. Koma pa zaka 59 muli ndi moyo wautali patsogolo, ndipo mfundo iliyonse imayamba kuwerenga zaka zake tsiku limene yaikidwa. Opaleshoni yosintha mfundo yopanga imene yatha imakhala yaikulu ndi yovuta kuposa yoyamba. Mfundo yanu yachibadwa imene ikadatha kukutumikirani zaka zina zingapo si yoti tingoichotsa poti tili kale m'chipinda cha opaleshoni.

Za dokotala ndi chipatala musachite nazo manyazi kufunsa. Mufunseni kuti opaleshoni ya mbali zonse tsiku limodzi amaichita kangati pa chaka, chifukwa imafuna gulu lozolowerana ndiponso lachangu. Mufunseni kuti amalowera mbali iti. Amene amalowera kutsogolo kwa ntchafu amamugoneka wodwala chagada, ndipo amatha kupanga mbali zonse osamutembenuza. Amene amalowera chakumbuyo kapena cham'mbali amamugoneka cham'mbali, ndipo akamaliza mbali yoyamba amayenera kumutembenuza kuti agonere mfundo yongoikidwa kumeneyo. Njira zonsezi zimagwira ntchito m'manja mwa munthu wozizolowera, ndipo musamukakamize dokotala kusiya njira imene amaidziwa bwino. Funsaninso ngati chipatalacho chimakhala ndi magazi okonzeka, ngati chili ndi chipinda choyang'anira odwala mwapadera usiku woyamba, ndiponso ngati a mafizo amapezeka tsiku lililonse.

Pali mgwirizano umodzi umene ndimauona kuti ndi wofunika koposa kwa aliyense wosankha kupanga kamodzi. Mugwirizane ndi adokotala, musanagonetsedwe, kuti ayambe ndi mbali yopweteka kwambiri, ndipo akamaliza aime kaye n'kufunsana ndi dokotala wogonetsa. Ngati mwataya magazi ambiri, ngati BP ikugwedezeka, ngati mpweya ukuvuta, kapena ngati mbali yoyamba yatenga nthawi yaitali kuposa mmene amayembekezera, alekere pomwepo. Mukadzadzuka n'kupeza kuti apanga mbali imodzi yokha, musadzakhumudwe, chifukwa ameneyo ndi dokotala amene wasamala moyo wanu. Ana anu akamva kuti mgwirizano umenewu ulipo, ndikhulupirira kuti mitima yawo ikhalako m'malo. Pitani nawo, mmodzi kapena awiri, pa ulendo wotsatira wokaonana ndi adokotala, kuti akadzifunsire okha. Iwo ndi amene adzakunyamuleni masiku oyambirira aja, ndipo ayenera kudziwa kulemera kwa ntchitoyo asanavomere.

Mutandifunsa maganizo anga pa inu, potengera zimene mwalemba, ndinganene kuti zaka zanu ndi BP yomvera mankhwala zikukulolani kuganizira zopanga kamodzi, koma magazi anu pakali pano sakukulolani. Akayezedwanso, chifukwa chake chikapezeka n'kuthetsedwa, hemoglobin ikafika pa 13, mtima ndi impso zikapezeka zili bwino, ululu wa kumanzere ukakhala woti ukukusowetsanidi mtendere, ndipo kunyumba kukakhala munthu wodalirika kwa masabata awiri kapena atatu, pamenepo ndingakuuzeni kuti pitani mukathane nazo kamodzi ndi mtima wokhazikika. Chimodzi mwa zimenezi chikaperewera, yambani ndi kumanja. Miyezi itatu yodikira ndi yochepa kwa munthu amene wapirira zaka.

Njira iliyonse imene mungasankhe, masabata a kukonzekera ndi ofanana. Ngati mumasuta fodya, siyani masabata osachepera anayi opaleshoni isanachitike, chifukwa fodya amachedwetsa bala kupola. Dzino lobooka, chilonda cha pakhungu kapena matenda a m'chikhodzodzo zichiritsidwe kaye, popeza tizilombo tikafika pa chitsulo cha m'fupa timavuta kwambiri kuchotsa. Awonetseni adokotala mankhwala onse amene mumamwa, kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba, kuti akuuzeni oyenera kusiya ndi tsiku lowasiyira. Pemphani a mafizo akuphunzitseni kuyenda ndi ndodo ndi kulimbitsa manja ndi ntchafu mudakali kunyumba. Ndipo mukadzatuluka m'chipatala, inu ndi ana anu mudziwe zizindikiro zoyenera kubwerera nazo msanga: katumba wa mwendo kutupa ndi kuwawa, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, kutentha thupi, bala kufiira kapena kutuluka madzi ndi mafinya, chimbudzi chakuda bii, ndiponso ululu wadzidzidzi m'chiuno mwendo n'kuoneka wafupika kapena wapotoka. Kubanika ndi kupweteka pachifuwa musadikire nako kuti kuche.